Anali Otani

Lonjezo wandifunsa ndikuchapa yunifomu yake,
manja ali m'thovu:
"Amayi, mawu a ababa anali otani?"

Ndinali nawo. Anali m'foni,
mauthenga khumi ndi anayi,
ena aafupi ngati kuyetsemula:
usagule ndiwo, ndatenga bonya.
Foniyo inapita pa kamlatho ka matabwa kolowera ku Tsoka,
Loweruka, m'chipwirikiti cha mabelo a kaunjika.
Wondipisa m'thumbayo anasolola mwamuna wanga osadziwa,
ndipo pofika madzulo anali atamufufuta.

Chichewa chathu n'choumira pamenepa.
Liwu limodzi lokha, mawu,
lisenze zimene munthu ananena
ndi mmene zinkamvekera.
Zimene ananena ndikadali nazo.

Ndinapita kwa a Mwatsika, a kwaya ya ku Kawale.
"Besi," anatero osaganiza n'komwe,
"koma yochedwa kulowa."
Besi ndi benchi ya kumbuyo, pafupi ndi zenera.
Lamulungu lililonse pamakhala amuna asanu ndi atatu.

Ku depoti anzake oitanira anaseka.
"Levisoni? Osasa!
Ngati chitseko cha minibasi chosowa girizi.
Akati Kanengo, Lumbadziii,
ngakhale wopita ku Biwi ankacheuka."
Mmodzi anayesa kumutsanzira,
anangotulutsa chifuwa.

Apongozi, pa foni ya aneba:
"Anthetemya, mwana wanga, anthetemya,"
kenaka zii, mpaka mayunitsi anatha.
Iwo akukumbuka kamnyamata ka sitandade faifi
mawu asanakhwime.
Ameneyo ine sindinakumane naye.

Mlongo wake akuti ankalankhulira m'mphuno akamanama.
Wa pa okala akuti ankanong'ona, tsiku la ngongole.

Ndabwera nazo kunyumba zonsezi,
aakulu, osasa, anthetemya, otsika, a m'mphuno,
ndaziyala pa mkeka ngati malaya ogula osayesa.
Palibe omukwana.

Nanga awa muwatcha chiyani,
mawu a folo koloko m'mawa, asanalawe tiyi,
akufufuza nsapato mumdima,
akudzikalipira chapansipansi kuti asandidzutse?
Nanga ka "mh" kaja
kamene kankatsogola asanavomere kuti walakwa,
ngati munthu wogogoda pakhomo pake pomwe?
Dzina langa ankalidula mutu.
Esinala ankakhala 'Sinala,
ndipo "la" womalizayo ankamusiya m'mwamba
ngati pali funso limene adzafunse mawa.

Ku Botomu, mwezi womaliza,
mawuwo anaonda munthu asanaonde.
Anatsala ulusi.
Ndinkaika khutu pakamwa pake
kuti ndimve kuti akufuna madzi.
Amenewo mwana sindimuuza.

"Amayi?"

"Anali osasa," ndatero.

"Ngati chule?"

Ndaseka mpaka sopo wandilowa m'maso.
Iye waima pa khonde, watukula chifuwa,
wakankhira chibwano pakhosi.
"Kanengo! Chonchi?"

Ayi.

"Lumbadziii! Chonchi?"

Agalu a kuseri kwa mpanda ayamba kuuwa.
Mayi wogulitsa makala wasuzumira pa geti
kuona ngati minibasi yasochera mpaka m'Chilinde muno.

Ayi, mwanawe. Watengera kukuwa kokha.
Iwo ankakuwa ngati akutopa nako,
ngati pansi pa kukuwako pali mawu ena
amene akuwasungira kunyumba.

Sakumvetsa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
kukhosi kwake kukadali kosalala ngati nthochi yosenda.
Padutsa zaka zina zisanu ndi ziwiri
ndisanadziwe chimene chabisala m'menemo,
kaya ndi besi ya benchi ya kumbuyo,
kaya ndi ya amalume ake a ku Mitundu.

Madzi a m'beseni azizira.
Kolala ya yunifomu ikadali yakuda.

"Tsitsa pang'ono," ndamuuza.
"Usafulumire. Yesanso."